Ndege za jeti za ku Britain zinathera kuti?

Bambo a Tadala, Lincoln:
Moni nonse pagulu pano. Lero pochokera ku ntchito ndinaima pafupifupi theka la ola m'mbali mwa msewu wa A15, kuonerera a Red Arrows, gulu la zionetsero la asilikali a m'mlengalenga a ku Britain (RAF), akuyeserera pa bwalo la ndege la Waddington. Kunazizira moti zala zinachita dzanzi, koma phazi linakana kuchoka. Ndege zofiira zitathithikana ngati zamangidwa pa chingwe chimodzi, kukwera, kugadabuka, kutsika utsi uli tolotolo kumbuyo. Pambali panga panali mdala wina wachizungu atagwira fulasiki ya tiyi. Iyeyo ndiye anandiuza kuti ndegezo ndi Hawk T1, gululi linayamba kuchita nazo zionetsero mu 1980, ndipo zinapangidwa ambiri mwa oziyendetsawo asanabadwe. Anati ali mwana bambo ake ankapita naye ku chionetsero cha ndege cha ku Farnborough, ndipo chaka chilichonse kunkatuluka ndege yatsopano yopangidwa m'dziko momwemuno. Atanena zimenezo anangoti zii, maso ali kumwamba. Ndafika pakhomo nkhaniyi ikundivutabe. Dziko loti linali patsogolo chonchi, zinatani kuti litsale ndi ndege zokalamba 9 zopaka utoto wofiira? Odziwa tithandizeni.

Kondwani wa ku Bristol:
Achimwene, mwakhudza nkhani ya kumtima kwanga. Mdalayo sananame. Frank Whittle analembetsa nzeru yake ya injini ya jeti mu 1930, ndege yoyesera ya Gloster inauluka pa 15 Meyi 1941 ku Cranwell, kufupi ndi kwanuko, ndipo pofika 1944 jeti ya Meteor inali kale pa nkhondo. Nkhondo itatha kunali makampani ambirimbiri, aliyense ndi fakitale yake ndi anthu ake ojambula ndege: Hawker, Avro, Gloster, de Havilland, Vickers, Handley Page, English Electric, Fairey, Bristol, Supermarine, Blackburn, Folland. Taonani zimene zinatuluka m'zaka zochepa. Canberra inauluka mu 1949, ndipo inali yabwino moti Amereka, amene sakonda kugula ndege zankhondo za eni, anapempha chilolezo n'kumaipanga kwawo pa dzina la B-57. Comet inaulukanso chaka chomwecho. Hunter mu 1951, ndipo mu 1953 Neville Duke anaithamangitsa mamailosi 727 pa ola, liwiro lapamwamba lolembetsedwa padziko nthawi imeneyo. Mu 1956 Peter Twiss anafika mamailosi 1,132 pa ola ndi Fairey Delta 2, munthu woyamba kulembetsa liwiro lopyola 1,000. Ndege inkathamangira kumadzulo kuposa mmene dzuwa limayendera.

Gogo a ku Chileka:
Ana anga, akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine maso anafooka. Ine ndinagwira ntchito yonyamula katundu pa bwalo la Chileka zaka zambiri. Ndege za ku Mangalande zimene mukunenazo ife tinazigwira ndi manja. Air Malawi inali ndi BAC One-Eleven, yaing'ono koma phokoso lake ngati mphambe, ikamanyamuka tinkatseka makutu ndi zikhatho mano akunjenjemera. Koma mfumu ya zonse inali VC10, inabwera mu 1974, nambala yake 7Q-YKH, sindidzaiwala. Mainjini anayi onse kumchira, mchira wautali ngati mtengo wa mbawa, mapiko oyera opanda chopachikapo. Inkapita ku London. Tsiku loti ikunyamuka anthu ankabwera ndi ana kudzangoonerera, ena pa njinga kuchokera ku Lunzu. Ikayamba kuthamanga nthaka inkagwedezeka, fungo la mafuta ake ngati parafini lili ponseponse, ndipo inkadzuka msanga, msewu usanathe n'komwe. Pambuyo pake inasiya kuuluka. Inakhala pambali pa bwalo zaka ndi zaka, dzuwa ndi mvula zili pamsana, utoto kusuluka, mpaka anadzaiphwanya n'kugulitsa zitsulo. Ndikadutsa pafupi ndinkayang'ana kumbali.

NaBanda, Leeds:
Agogo, mwandiliza. Mayi anga amanena za ndege imeneyi mpaka lero, akuti anaperekezapo achimwene awo popita ku sukulu.

Kondwani wa ku Bristol:
Agogo, zikomo kwambiri. Kudzuka msanga kumene munaonako sikunali kwamwayi, anaipangira zomwezo. BOAC, kampani ya boma la Britain ya maulendo akutali, inauza a Vickers kuti ikufuna ndege yotha kunyamuka itadzaza pa mabwalo aafupi, otentha ndi okwera, monga Nairobi ndi Johannesburg, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini sizikoka bwino. Ndiye anaika mainjini kumbuyo kuti phiko lonse ligwire ntchito yonyamula basi. Koma mmene inkayamba kuuluka mu 1962, maiko ambiri anali akutalikitsa kale mabwalo awo kuti Boeing 707 izitera, ndipo 707 inkamwa mafuta ochepa. BOAC yomweyo inachepetsa oda yake. VC10 zinapangidwa 54 zokha. Nkhani ya Trident, jeti ina yonyamula anthu, ndi chimodzimodzi: BEA, kampani ya boma ya maulendo a ku Ulaya, inati ichepetseni, ndi yaikulu kwambiri, anaichepetsa, n'kugulitsa 117. Boeing inapanga 727 ya kukula kumene Trident inali nako poyamba, n'kugulitsa 1,832. Ankasoka malaya poyeza munthu mmodzi, kenako n'kumadabwa kuti pamsika sakukwana ena.

Aphunzitsi a ku Zomba:
A Kondwani, musadumphe Comet, chifukwa ulendo woyamba padziko lonse wa jeti yonyamula anthu olipira unadutsa kwathu kuno. Pa 2 Meyi 1952 inanyamuka ku London kupita ku Johannesburg, n'kuima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, m'dziko la anansi athu. Anthu 36, ulendo wosakwana maola 24. Nthawi imeneyo Amereka analibe jeti yonyamula anthu ngakhale imodzi. Ndiye tiuzeni, mpata waukulu chonchi anautaya bwanji?

Kondwani wa ku Bristol:
Aphunzitsi, apa mpamene pamapweteka. Ndege yomweyo imene inatera ku Livingstone inaphulika m'mwamba pa 10 Januwale 1954 pafupi ndi chilumba cha Elba, anthu 35 onse kufa. Anaziimitsa, anakonza zimene ankaganizira, anazibwezera m'mwamba, ndipo pa 8 Epulo ina inagwa pafupi ndi Naples ndi anthu 21. Zimene anachita akatswiri a ku Farnborough timaphunzira mpaka lero. Anatenga thupi lonse la Comet ina n'kuliika m'thanki yaikulu ya madzi, mapiko atatulukira kunja. Ankapopera madzi mkati kenako n'kuchotsa, kupopera, kuchotsa, usana ndi usiku, kutsanzira zimene zimachitika ndege ikakwera ndi kutsika. Paja m'mwamba mpweya wa mkati umakankha khoma, pansi umaleka. Anasankha madzi chifukwa sapanikizika ngati mpweya, ndiye thupi likang'ambika silimwazika, mng'alu umaoneka pamene wayambira. Maulendo enieni ndi oyerekeza atakwana pafupifupi 3,000, khoma linang'ambika pa ngodya ya chibowo. Tengani waya muziupinda uku ndi uku, umaduka ngakhale simunaukoke mwamphamvu. Chitsulo chimatopa. Khoma linali lopyapyala, ndipo mphamvu inkaunjikana m'ngodya za mawindo ndi zibowo zina. Zotsatira anazifalitsa poyera, makampani onse anaphunzirapo, Boeing ndi Douglas omwe. Comet 4 yokonzedwa inayamba kuoloka Atlantic pa 4 Okutobala 1958, koma patangotha milungu itatu 707 ya Pan Am inayamba nayo, yaikulu ndi yothamanga kuposa. Msika unapita basi.

Bambo a Tadala, Lincoln:
Ine ndibwerere ku zionetsero, poti n'zimene zandigwira mtima. Usiku uno ndaonera kanema wakale wa Black Arrows, gulu la 111 Squadron. Mu 1958 ku Farnborough anakwera ndi ma Hunter 22 n'kupanga mkombero wathunthu onse pamodzi, mtsogoleri wawo Roger Topp. Mpaka lero palibe amene anabwereza ndi ndege zochuluka chotero. Tangoganizani wa kumapeto kwenikweni kwa mzere. Sayang'ana pansi, sayang'ana mawotchi a m'ndege, maso ali pa phiko la mnzake basi, dziko likutembenuzika kumbuyo kwake. Mtsogoleri akakoka mopupuluma pang'ono, a kumapeto sangathe kutsatira. Ndipo amenewa sanali gulu lachionetsero lokha ayi, anali asilikali a tsiku ndi tsiku, ena anachita kubwereka ku magulu ena kuti akwane 22. Nthawi imeneyo magulu otere anali mbwee: Blue Diamonds ndi ma Hunter 16, Tigers ndi Firebirds pa Lightning, Red Pelicans, Yellowjacks pa tindege ta Gnat tachikasu. Akuluakulu anaona kuti anyamata akutha nthawi ndi mafuta pa chipidigoli m'malo mophunzira nkhondo, ndiye anaphatikiza zonse kukhala gulu limodzi. Red Arrows inayamba choncho mu 1965 ndi ma Gnat 7, n'kufika 9 mu 1968.

Kondwani wa ku Bristol:
Onjezanipo Roly Falk, amene mu 1955 anagubuduza Vulcan, chindege choponya mabomba, pamaso pa khamu la ku Farnborough. Ankauluka atavala suti ndi tayi.

Amalume a ku Gweru:
Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, bambo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito. Hunter ndaiona ndi maso anga kambirimbiri, inkanyamuka pa bwalo la asilikali la Thornhill pompano. Ikadutsa chapansi inali ndi kulira kwake kwina, ngati munthu akuimba mluzu m'botolo lalikulu, nkhuku zonse balala. Dziko lino linaigwiritsa ntchito mpaka cha mu 2002, pamene eni ake anali ataisiya kalekale. Tinalinso ndi ma Hawk ofanana ndi a Red Arrows, koma Britain italetsa kugulitsa zida kuno mu 2000 masipeya anasowa, zinangokhala pansi. Kukongola ndiye sindikana, palibe ndege yooneka bwino ngati Hunter. Koma ana anga, mukamaiyamikira muzikumbukanso ntchito imene inkagwira kuno.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Amalume anena zimene ndimafuna kunena. Ma Hunter, ma Canberra ndi ma Vampire a boma la Ian Smith ndi amene anaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe ku Chimoio ndi Tembue m'dziko la Mozambique mu Novembala 1977, ndipo mwa ophedwa munali amayi ndi ana. Tembue ili m'chigawo cha Tete, kumene anthu amayankhula chinenero chathu chomwechi. Mu Okutobala 1978 zinakaponyanso mabomba pa msasa wina pafupi ndi Lusaka. Mdala wa fulasiki uja akamva kulira kwa Hunter amakumbuka dzanja la bambo ake ndi ayisikilimu. Gogo wa ku Tete akamva kulira komweko amakumbuka kuthawira m'tchire. Ine ndimasilira luso la amene anazipanga, koma sindingaphunzitse ana mbali imodzi yokha.

Bambo a Tadala, Lincoln:
Aphunzitsi, ndamva, ndipo mwandikumbutsa chinthu chofunika. Za Tembue ndimazimva koyamba lero.

Achimwene a ku Luton:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndikuti anapha ndi andale, osazungulira. Mu Epulo 1957 nduna ya chitetezo Duncan Sandys inatulutsa chikalata chonena kuti nthawi ya ndege zankhondo zokhala ndi munthu mkati ikutha, tsogolo ndi mizinga yodziyendera yokha. Mapulani angapo anafera pomwepo. Lightning inapulumuka chifukwa inali itapita kale patali. Kenako boma linati amene akufuna kontirakiti aphatikizane, ndiye mu 1960 kunatsala magulu akuluakulu awiri, BAC ndi Hawker Siddeley. Handley Page anakana, boma linasiya kuwapatsa ntchito zikuluzikulu, pofika 1970 anatseka. Nanga TSR-2, ndege yatsopano yoponya mabomba? Inauluka mu Seputembala 1964, oiyesa ankaiyamikira, ndipo pa 6 Epulo 1965 anailengeza kuti yathetsedwa mkati mwa bajeti, tsiku limene yachiwiri imayenera kuuluka koyamba. Zida zopangira anaziphwanya. Anati tigula F-111 ya ku Amereka, mu 1968 anaikananso imeneyo. Ndalama zinapita, ndege palibe. N'chifukwa chake ine ndimamumvetsa Alan Pollock. Pa 5 Epulo 1968, RAF itakwanitsa zaka 50 popanda chionetsero cha m'mwamba ku London, anatenga Hunter yake, kuzungulira nyumba ya malamulo katatu, n'kukadutsa pakati pa Tower Bridge, pansi pa kamlatho ka pamwamba kaja. Ntchito inathera pomwepo, koma uthenga unamveka.

Kondwani wa ku Bristol:
Achimwene, Sandys analakwitsa, sindikutsutsa. Koma ndikukana kuti popanda iye zinthu zikanayenda. Dziko limeneli linatuluka mu nkhondo lili ndi ngongole mpaka m'khosi, nyama ankagula ndi makuponi mpaka 1954. Komabe linapanga mitundu itatu ya ndege zoponya mabomba pa ntchito imodzi: Valiant, Victor ndi Vulcan. Itatu! Chifukwa kampani iliyonse inafunika kupatsidwa kanthu. Mainjiniya ochepa omwazikana m'mafakitale ambiri, aliyense kupanga ndege zochepa, ndiye mtengo wa imodzi unkakwera. Amereka akaoda ndege za asilikali ankaoda mazanamazana, ndipo makampani awo onyamula anthu anali ndi msika wa dziko lalikulu. Mtengo wa TSR-2 unkangokwera chaka ndi chaka, ndipo Australia, imene ankayembekeza kuti igula, inasankha F-111. Nkhuku imodzi singafungatire mazira makumi asanu. Chimene chimandipweteka ine ndi china: mu 1969 boma linatuluka mu Airbus. Mwayi wake Hawker Siddeley inakakamira payokha kupanga mapiko, n'chifukwa chake mpaka lero mapiko a Airbus amapangidwa ku Broughton. Rolls-Royce inagwa mu 1971 chifukwa cha injini ya RB211, boma linaitola, ndipo zidzukulu za injini imeneyo ndi ma Trent amene akunyamula anthu lero. Luso lilipo. Chinatha ndi jeti yathunthu yonyamula anthu yotuluka pa chipata cha fakitale ya kuno. Jaguar, Tornado, Typhoon, Concorde, zonsezo n'zogawana ndi maiko ena.

Achimwene a ku Luton:
Nanga Harrier? Ndege yonyamuka choimirira, inagwira ntchito ku Falklands mu 1982, anaisiya mu 2010 n'kugulitsa 72 kwa Amereka kuti akachotseko masipeya. Imeneyonso ndi ngongole ya nkhondo ya Hitler?

Kondwani wa ku Bristol:
Imeneyo ndiye ndakupatsani, achimwene.

NaBanda, Leeds:
Abambo, mundilole ndilankhule ngati namwino. Mukamati masiku aulemerero, muwerengenso maliro. Pa 6 Seputembala 1952 ku Farnborough komweko, ndege ya DH.110 ya John Derry inathyoka m'mwamba, injini imodzi inagwera pa phiri pamene panadzaza anthu. Oonerera 29 anafa, kuonjezapo Derry ndi mnzake Tony Richards n'kukhala 31. Chionetsero sichinaime. Ma ambulansi akunyamula anthu, Neville Duke ananyamuka ndi Hunter kukapitiriza. Ena amati kulimba mtima. Ine ndimaganiza za mayi amene ankafunafuna mwana wake ndege ina ikulira pamutu. Ndipo Meteor imene mukuitamayo, RAF inataya mazanamazana pa ngozi, osati pa nkhondo, anyamata azaka za m'ma 20. Ndiye chionetsero cha ndege cha ku Shoreham. Pa 22 Ogasiti 2015 ndinali pa shifiti, tinaonera pa TV ya m'chipinda chopumira. Hunter ya zaka 60 inayamba mkombero, sinafike pamwamba pokwanira, liwiro linali lochepa, inakagwera pa msewu wa A27. Anthu 11. Ambiri sanagule n'komwe tikiti. Anyamata awiri ankapita kukasewera mpira ku timu yawo ya Worthing United. Bambo wina ankayendetsa galimoto kukatenga mkwatibwi. Ngati malamulo okhwima apulumutsa banja limodzi lotere, ine sindilira kuti jeti zakale zasiya chipidigoli.

Bambo a Tadala, Lincoln:
Achemwali, palibe angatsutse zimenezo. Pambuyo pa 1952 anaika malire a mtunda pakati pa ndege ndi anthu, n'kuletsa kukhotera kumene kuli khamu. Pambuyo pa Shoreham a CAA, bungwe loyang'anira za ndege, analamula kuti jeti zakale za anthu wamba zizingodutsa, osagadabuka pamwamba pa mtunda, ndipo ma Hunter anawaimitsa kwa kanthawi. Inshuwalansi inakwera, zionetsero zing'onozing'ono zina zinatseka. Mu 2016 a Red Arrows eni ake anati ku Farnborough angodutsa, chifukwa nyumba zazungulira bwalo lonse. Ndikuvomereza zonsezo. Koma ndisabise, chaka chomwecho cha 2015 ndinaona Vulcan XH558 miyezi yake yomaliza. Tadala anali ndi zaka zisanu, ndinamunyamula paphewa. Inabwera mwakachetechete ngati chimleme chachikulu, kenako woyendetsa anatsegula mainjini onse anayi n'kuimika mphuno. Kulira kwake kunali ngati chilombo chikubuula, ndinakumva m'nthiti, ma alamu a magalimoto onse analira. Mwana anandigwira tsitsi mwamphamvu, kenako anayamba kuseka. Ndegeyo anaidzutsa anthu wamba ndi zopereka zawo mu 2007, ndipo inatera komaliza ku Doncaster pa 28 Okutobala 2015.

Kondwani wa ku Bristol:
Ndipo sinaime chifukwa cha Shoreham ayi, zinali zitalengezedwa kale. Makampani atatu amene ankaitsimikizira, BAE Systems, Rolls-Royce ndi Marshall, anati anthu odziwa ndegeyi akutha, ndipo inali itauluka maola ambiri kuposa Vulcan ina iliyonse. Ndege yakale imafa tsiku limene mmisiri womaliza wodziwa kulira kwake wapuma ntchito. Jeti ya asilikali apamadzi ya Sea Vixen yomaliza inatera chamimba ku Yeovilton mu 2017 matayala atakana kutuluka, sinaulukenso. Lightning sanailole n'komwe kuuluka m'manja mwa anthu wamba kuno, zomaliza zinkauluka ku Cape Town mpaka imodzi inagwa mu 2009. Chodabwitsa, a Martin-Baker, opanga mipando yothawira pa ngozi, akugwiritsabe ntchito ma Meteor awiri ku Chalgrove poyesera mipando yatsopano. Ma Hawk a Red Arrows ndiye boma linati afike 2030. RAF inasiya ma T1 ena onse mu 2022.

Gogo a ku Chileka:
Mwana wanga wa ku Bristol, ndifunse. Kumeneko kulibe VC10 yotsala yoti munthu n'kuiona? Ndikufuna mdzukulu wangayu aone chimene ndimanena, amayesa ndimakokomeza.

Kondwani wa ku Bristol:
Agogo, ilipo, ndipo mumve izi. Ku Brooklands Museum, ku Weybridge, pamalo pomwe panali fakitale imene inapanga ma VC10 onse, pali imodzi imene inali ya mfumu ya ku Oman. Poyamba inali ya British United Airways, nambala yake G-ASIX. Yanu ija ya 7Q-YKH isanabwere ku Malawi inali G-ASIW, ya kampani yomweyo. Ndi mapasa, zinatuluka motsatizana pa chipata chimodzi. Amalola kulowa mkati.

Bambo a Tadala, Lincoln:
A Kondwani, Loweruka la mawa lino sindili pa ntchito. Ndinyamuka ndi Tadala m'mamawa, tikakumane pa geti 11 koloko. Agogo, mutiuze mbali imene mukufuna tijambule.

Gogo a ku Chileka:
Mukajambule chitseko cha katundu cha kutsogolo, chapansi. Mwanayo akaime pomwepo, kuti tione msinkhu wake.